Namba Wani pa Mzere wa Buku la Mbalame

Lolemba

Kwa Wamkulu wa Laibulale, ku tauni kumtunda uko.

Olemekezeka,

Ine, mwini digiri ya maphunziro a chitukuko, nzika yokhala ndi chitupa, membala wa laibulale yanu kuyambira mwezi watha pamene ndinagwedezeka m'basi theka la tsiku kudzatenga khadi, ndikulemba ndi mtima wosweka koma ndi galamala yabwino. Lero m'mawa ndatsegula pulogalamu yanu yobwereketsa mabuku pa foni, kufuna buku la mbalame. Yandiyankha kuti bukulo latuluka. Latuluka kupita kuti? Lilibe pepala. Lilibe chikuto. Chiswe sichingalidye, mvula singalinyowetse. Koma akuti muli nalo limodzi lokha, ndipo amalowa munthu mmodzi pa nthawi, ngati chimbudzi cha pa siteshoni ya basi. Ndikupempha kuti amene ali m'katiyo agogoderedwe, auzidwe kuti panja pali munthu wophunzira.

Kalatayi sindituma. Ikhala m'kope muno mpaka mtima utsike.

Nkhani ndi iyi. Loweruka kuli mayeso a ugaidi, ntchito yoonetsa alendo nyama m'paki. Manijala wa kampu ina ku Nkwali anati ndikakhoza andilemba ntchito nyengo ino ya alendo. Ndikalephera, ndi chaka china pa tebulo la azakhali la salaula, zovala za kaunjika, ku Mfuwe, kukuwa "Sankhani! Sankhani!" ndi pakamwa pomwe panateteza pulojekiti pamaso pa madokotala atatu.

Nyama ndikuzidziwa. Njovu siifuna buku. Mitengo ndimayesa, chifukwa siithawa. Mbalame ndiye imfa yanga.

Pulani:
1. Buku lifike mawa. Ndili namba wani pa mzere.
2. Masamba 100 tsiku lililonse.
3. Lachisanu kubwereza.
4. Loweruka kuchititsa manyazi anthu.

Lachiwiri

Lafika! Pa 9 koloko foni ikuti tii, buku ili! Masiku 14 ndi langa. Zithunzi zamitundu, mayina a Chingerezi, a Chilatini, ngakhale mapu osonyeza kumene mbalame iliyonse imakhala. Mbalame zili ndi adiresi, ine ndikugonabe kwa makolo.

Masana ndikupita pansi pa bwemba wa pafupi ndi sitolo, pomwe ife olemba mayeso timakumana. Alipo asanu. Onse akulimbirana kabuku kamodzi kofotokopa, komwe mbalame zonse ndi zakuda ngati zinapsa m'tchire. Pakati pawo pali Yotamu, msuwani wanga, mwana wa azakhali omwewo a salaula. Anasiyira giredi 9. Amagwira tochi pa galimoto ya alendo ku kampu komweko. Akangondiona: "Afika a Digiri, mkazi wanga wosandiphikira."

Ndikanangokhala chete. Koma pakamwa panga sipanaphunzire zimenezo ku yunivesite.

Ndikutulutsa foni. Ndikuwaonetsa nkhwazi yamitundu, ndikuikulitsa ndi zala ziwiri mpaka diso lidzaza sikirini. Onse kukamwa yasa! Ndikulalikira za dziko lamakono. Ndikuti masiku ano munthu safunikanso kukwera basi, amalembetsa pa foni pomwepo ndi namba ya chitupa. Ndikuwalembetsa onse asanu ndi manja angawa. Ndikuwaonetsa pomwe amadina kuti alowe pa mzere wa buku. Yotamu woyamba.

"Mulungu akudalitseni asisi," akutero mmodzi.

Masamba owerengedwa lero: 6. Koma chitukuko chafika m'chigwa, ndipo chabwera ndi ine.

Lachitatu

Zopinga maphunziro apamwamba m'boma la Mambwe:

Choyamba, sikirini yanga ili ndi mng'alu wodutsa pakona, ndendende pomwe wojambula amaika mitu ya mbalame. Ndikudziwa michira yambiri.

Chachiwiri, batire. Bukuli limamwa moto ngati mlendo wa pa ukwati. Ola limodzi kuwerenga, maola awiri pa sola.

Chachitatu, ndayesa kujambula sikirini kuti ndisunge masamba. Chithunzi chikutuluka chakuda bii. Buku limakana kujambulidwa! Ndayesa kukopera ndi pensulo. Mbalame 8, zonse zatuluka nkhuku.

Chachinayi, atate.

Atate akhala pa mpando wawo kumbuyo kwanga, magalasi pamphuno, akusuzumira paphewa. Ndi mkulu wa mpingo, ndipo pa unyamata wawo anali mwini legeni woopedwa kuyambira kuno mpaka ku Kawaza. Mbalame iliyonse amaidziwa, koma kudzera m'kamwa.

"Iyo imanona mwezi wa June."
"Iyo mafupa okhaokha, usataye nthawi."
"Iyo ndi chiponde, amama, ungaiwale dzina lako."

Ndikufika pa timbalame tating'ono tofiirira. Masamba ndi masamba. Tonse tofanana ngati ana a sukulu ovala yunifomu, koma kalikonse kali ndi dzina lakelake, ndipo kusiyana kwake akuti kali ndi kamzere pamwamba pa diso. Ndani anayandikirapo chotere? Ndikufunsa atate.

"Timba."
Nanga aka?
"Timba."
Aka ka mchira wautali?
"Timba wolemera."

Masamba onse pamodzi: 41. Ndatsalira ndi 159. Mawa ndidzuka ndi nkhwali.

Lachinayi

Ndilemba mwadongosolo kuti mbadwo ukubwerawo udziwe.

8 koloko: amai akuti ufa watha. Ndikusiya foni pa chaja, ndikusenza thumba kupita ku chigayo.

11 koloko: ndikubwera, woyera ngati mzukwa. Atate ali pakhonde, nkhope yowala ngati achoka kolandira mgonero.

"Ndakuchotsera manyazi, amama."

Anatenga foni kuti aimbire mbusa. Buku linali chitsegukire. Pansi pake panalembedwa kuti anthu 6 akulidikira, ndipo pambali panali batani lolembedwa Return. Atate Chingerezi amawerenga. Tsoka langa ndi limenelo, kuti amishoni anagwira ntchito yawo bwino.

"Anthu sikisi ali chilili kudikira, iwe uli ku chigayo? Banja lino silinagonekepo khasu la mwini. Adzati mwana wa ndani?"

Ndikufotokoza kuti palibe amene waimirira. Kuti anthuwo ndi a Yotamu, ndinawaika ndine. Kuti masiku 14 anali anga mwalamulo.

"Lamulo ndi lamulo, ulemu ndi ulemu." Atero, akupita kukaona mbuzi.

Ndalowanso pa mzere. Namba 6. Mmodzi ali nalo kale, asanu ali patsogolo panga, aliyense masiku 14. Masabata 12! Buku lidzandipeza ndikupinda mabuluku.

Madzulo ndikukumbukira kuti khadi langa limatsegulanso nkhokwe ya zofufuza za akatswiri. Kumeneko kulibe mzere, ndipo tsopano ndadziwa chifukwa chake. Ndikulemba mawu oti mbalame. Zikutuluka zolemba zosawerengeka: nsabwe za m'mapiko, magazi, ndowe, masamu okhala ndi zilembo za Chigiriki. Chithunzi cha mbalame ngakhale chimodzi, ayi. Ndikatsegula chimene chikuoneka chothandiza, akundipatsa ndime yoyamba yokha, ngati wogulitsa chivwende wokulawitsa ndi kampeni. Nditha tsopano kukuuzani zimene zimakhala m'matumbo a kakowa. Mukandionetsa kakowayo ali ndi anzake, ndingaloze wolakwika.

Bandulo yatha pa tsamba la maumboni.

Lachisanu

Ndikupalasa njinga mpaka ku Nkwali. Yotamu akutsuka galimoto kuseri kwa kampu. Buku lili pa foni yake kuyambira dzulo. Sanalitsegule!

"Ine ndimamva ndi khutu, mkazi wanga. Ndinangolowa pa mzere kuti ndikusangalatse."

Kenaka akunena chinthu chimene ndiyenera kulemba, chifukwa ndine woona mtima ngakhale pa zondipweteka: "Tenga foni yanga, ukhale apa pamthunzi, uwerenge mpaka 4 koloko. Ndikubweretsera tiyi."

Ine? Kukhala pa kreti kuseri kwa khitchini, manijala akudutsa, ndikuwerenga pa foni ya munthu wa giredi 9? Mutu wa digiri ukupereka nzeru yoposa pamenepo. Yotamu akalibweza, lipita kwa wachiwiri. Wachiwiri akalilandira n'kubweza, wachitatu. Onse ndikuwadziwa, onse ali ndi ngongole ya ulemu kwa ine. Pofika madzulo buku lili m'manja mwa mwini wake.

"Zamasukulu izi," akutero Yotamu, n'kudina.

Ulendo wa mtumwi:

Wachiwiri ali ku munda, akulondera chimanga kwa anyani. Netiweki kulibe. Ndikumukweza pa keriyala mpaka pa msewu. Walandira, wabweza.

Wachitatu ali pa maliro. Ndikugwada, ndikupepesa anamfedwa, ndikuimba nawo nyimbo ziwiri, ndikumukodola ndi diso. Wabweza kuseri kwa nkhokwe.

Wachinayi akukana. Akuti wangoona kumene nang'omba yamitundu ndipo mtima wake wakondwa. Ndikulonjeza kuti likafika kwa ine tiwerengera limodzi tonse usiku wonse. Wabweza akung'ung'udza.

Wachisanu waiwala pasiwedi. Tikuyesa dzina la mkazi wake, la mwana wake, la timu yake. Yatseguka ndi dzina la mkazi wina. Sindifunsa. Wabweza.

5 koloko. Miyendo ngati yobwereka. Ndikukhala pa chitsa, ndikutsegula foni.

Namba wani pa mzere.

Pa mzere! Ndikuwerenga zala. Ndinalembetsa asanu. Atate anaona 6. Ndinakhoza masamu a chaka choyamba ndi B, koma kuyambira dzulo sindinafunse kuti wachisanu ndi chimodziyo ndani. Ndi mlendo. Munthu wosadziwika, mwina ku Lundazi, mwina ku Petauke, amene wadzidzimuka lero kuti mzere wa miyezi watha tsiku limodzi. Akuyamika Mulungu wake panopa.

Ndiye mawa mayeso, ndipo m'chigwa monse mulibe amene ali ndi buku. Ndalitulutsa ndekha, pa njinga, ndi thukuta langa.

Anayi aja abwera pa bwemba monga ndinalonjezera. Mmodzi akuti, "Asisi, chitukuko chija chili kuti?" Tikubwerera ku kabuku kofotokopa. Tikugwirizana kuti mbalame ya pa tsamba 30 ndi nkhanga kapena dontho la inki.

Loweruka

Zolemba m'mawa: bwino ndithu. Funso la mmene alendo amathandizira midzi ndalemba masamba atatu, ndapempha pepala lina.

Masana m'paki. Galimoto, woyesa wachikulire wovala chipewa chofwifwa, ife atatu atatu. Ine ndagwera gulu la Yotamu, chifukwa kumwamba kulinso anthu okonda nthabwala.

Mapazi a fisi: ndakhoza. Mvunguti: ndakhoza, ndi Chilatini chomwe. Nkhwazi: ndakhoza, koma nkhwazi ndi mwana yemwe amaidziwa.

Kenaka galimoto ikuima pa chitsamba. Kanthu kofiirira, kakang'ono ngati chala, kakudumphadumpha. Woyesa akukaloza.

"Madam, alendo anu achokera kutali chifukwa cha kameneka. Auzeni."

Ndikukweza mabainokyula. Mchira ndikuudziwa! Ndinauona Lachitatu, kumanzere kwa sikirini, pansi pa mng'alu. Mutu ndi wachilendo. M'mutu mwanga mukuyenda nsabwe za m'mapiko ndi zilembo za Chigiriki. Pakamwa, posafuna kundisiya ndekha, pakutseguka:

"Timba, sir."

"Timba uti?"

Ndipo ine, mwana wa atate anga, pamaso pa munthu amene wateteza nyama moyo wake wonse: "Wa mafupa okhaokha."

Dalaivala akutsokomola nthawi yaitali. Kambalame kakulira kamodzi, ndipo Yotamu, osakweza n'komwe mutu, akutchula dzina lonse la Chingerezi ngati akuitana mnansi. Zinatsatira zina 9. Ndakhoza ziwiri.

Woyesa ndi munthu waulemu. Akuti ndili ndi Chingerezi chokoma kwambiri, ndipo adzakondwa kuchimvanso chaka chamawa.

Lamulungu

Ku tchalitchi aliyense akudziwa. "Mwaswera bwanji a gaidi?" Ena akunena mwachifundo, ndiwo opweteka kwambiri. Atate apempherera "ana athu amene akudikira nthawi ya Ambuye". Ameni wa amai anamveka mpaka panja.

Yotamu wakhoza. Mwa anayi aja wakhoza mmodzi, atatu sakundipatsa moni. Azakhali atuma uthenga: belo latsopano la zovala atsegula mawa 6 koloko, ndibwere ndi mawu.

Ndayang'ana pa foni. Ndidakali namba wani. Pa dziko lonse lapansi ndi pokhapo.

Sindikwiyanso. Ndilibe mphamvu. Ndangotsala ndi kalata iyi, ndipo iyi ndituma, ndikangopeza envulopu.

Kwa Wamkulu wa Laibulale.

Olemekezeka,

Pofuna kupewa makhoti, ine ndi banja langa tavomera kulandira chipepeso. Ndalama ayi, ndife anthu aulemu. Ofesi yanu itume antchito ake kuno ku Luangwa, ndi makwerero, aveke mbalame iliyonse ya m'chigwa chikwangwani pakhosi, monga mumamatira manambala pa misana ya mabuku. Chingerezi kutsogolo, Chilatini kumbuyo, zilembo zooneka munthu ali pa galimoto. Ntchito ithe mayeso a chaka chamawa asanafike.

Muyambe ndi kambalame ka dzulo kaja. Mukakapeza mukangodutsa mlatho, chitsamba chachitatu kumanja. Nkofiirira.