Ngwazi yanga Ndabweranso

Kuholo kumene Amalawi timakumana kuno kutsidya la nyanja, ku Scarborough, kuli anthu amene sadziwa dzina langa lenileni. Amandiitana kuti a Kadoyo, ndipo ine ndimavomera. Ndaganiza zofotokoza ndekha mmene dzinali linabwerera, chifukwa ena akumaifotokoza nkhaniyi mothira mchere wambiri.

Ndinakulira ku Ndirande, nthawi imene kanema anali chinthu chongomva. M'dera lathu anali naye a Chikopa okha. Iwowa anagwirapo ntchito ku Joni, ndipo pobwerera anatenga kanema, makina a vidiyo ndi tepi imodzi. Imodzi basi. Panjira sipika inafa, choncho zithunzi zinkaoneka koma mawu ayi. Loweruka masana ankatilola ana kulowa, koma titayamba tatsuka mapazi pampopi. Ife tinkakhala pa simenti, iwo pampando wandalema pafupi ndi kanemayo, ndipo mawu onse ankayankhula okha.

Pa tepiyo panali filimu ya azungu ongokhala m'maofesi n'kumagwedeza milomo. Imeneyo sitinkaisamala. Chimene tinkadikira chinali katuni wina amene ankatulukira filimu ikaduka. Anali kamunthu kobiriwira, ka mano atatu, tsitsi loimirira ndi majombo aakulu. Kankakhala ndi ana ake ambirimbiri m'phanga loyera mbee, lokhala ndi dziwe pansi. Kenaka kunkabwera mayi wa epuloni ndi magolovesi achikasu, atanyamula botolo. Akathira madzi abuluu, chigumula chinkakokolola banja lonse.

"Mwamuona mayi woipayu?" ankatero a Chikopa. "Akufuna kulanda malo a eni ake."

Ife mitima inkatiwawa. Filimu ya azungu inkapitirira. Pakapita kanthawi inkadukanso, ndipo kamunthu kaja nako, m'phanga momwe muja, mano atatu ali panja. A Chikopa ankaimirira n'kukuwa kuti, "Ndabweranso!" Ife tonse tinkakuwa nawo mpaka malata kulira. Pa tepi yonse kankakokoloka kasanu n'kubweranso kasanu, ndipo dzina lake linangokhala Ndabweranso.

Musaone ngati zinali zachibwana zokhazokha. Mwana akakwapulidwa kusukulu, mawa lake polowa m'kalasi ankanong'ona mawu amenewa. Ine nditalephera mayeso a folomu folo n'kubwereza, ndinawanena pageti. Ngakhale kuno, chaka changa choyamba, ndikamatsika basi m'chipale chofewa kupita kuntchito kumalo osungirako katundu, ndinkawanena chamumtima.

Tsopano ndili ndi mwana mmodzi, Tadala, wazaka zisanu ndi zinayi, wobadwira konkuno. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Kale ankayesa. Tsiku lina kuholo anapereka moni, azimayi ena n'kuseka katchulidwe kake (osati mwankhanza, koma mwana sasiyanitsa), ndipo kuyambira pamenepo Chichewa anachitsekera m'kamwa. Zinkandiwawa, koma ndine munthu wosachulukitsa mawu, ndiye ndinangokhala.

Tsiku lina anandifunsa makatuni amene ndinkaonera ndili mwana. Ndinamufotokozera za Ndabweranso, ndipo ndinaona maso ake akuwala. Anafufuza dzinalo pa intaneti koma sanapeze kanthu.

"Zinthu zenizeni zakale sizipezeka pa intaneti," ndinatero (monyada ndithu).

Kumapeto kwa Okutobala, pamene ana a kuno amavala zoopsa n'kumayenda m'makomo, akomiti yathu anakonza phwando la masana. Akuluakulu ampingo anakana za mizukwa ndi mafupa, ndiye anagwirizana kuti banja lililonse libwere litavala ngati makatuni, ndipo mwana anene mawu pang'ono m'Chichewa. Ine ndinati tingopita kukaonerera. Koma Tadala anabwera yekha kukhitchini.

"Daddy, let's do Ndabweranso. Inu mukhale iyeyo, ine the bad lady. And I'll say it in Chichewa."

Ndinavomera asanamalize.

Mayi a Tadala ndi amene anasoka chovalacho, ndi bulangete lobiriwira lakale. Mano ndinadula pa katoni ya kuntchito, majombo n'kutenga anga ogwirira ntchito. Tadala tinamupezera epuloni, magolovesi achikasu ndi botolo la madzi amene tinawathira utoto wabuluu. Mayi akewo, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Tadala, chinthu chimenechi ndi nyama kapena munthu?"

"Ndi ngwazi."

"Nanga mayi wamagolovesiyo analakwa chiyani? Inetu kuntchito ndimavala zomwezo."

"Inu munakulira ku Ntcheu kopanda magetsi. Za kanema musalowerere."

(Mawu amenewa amandikumbutsabe mpaka lero, makamaka pakakhala alendo.)

Tsikulo litafika, m'chikepe cha nyumba yathu tinakumana ndi gogo wina wachizungu wokhala pansi pathu. Anandiyang'ana kuyambira majombo mpaka tsitsi n'kufunsa kuti ndavala ngati chiyani. Ndinamuuza kuti ndine ngwazi ya kwathu. Anagwedeza mutu mwaulemu n'kusunthira pakona. Limeneli linali chenjezo lachiwiri, ndipo nalonso ndinalidumpha.

Kuholo kunadzaza. Kunali mbewa, abakha ndi amphaka amene dziko lonse limawadziwa. Ife palibe anatizindikira, ndipo ine ndinati ndi chifukwa chakuti ambiri sanakulire ku Ndirande. Nthawi yathu itakwana, Tadala anagwira maikolofoni ndi manja awiri.

"Moni nonse. Awa ndi adadi anga. Ndi Ndabweranso, ngwazi ya ku Malawi. Ine ndine mayi woipa."

Anthu anawomba m'manja, wina n'kuliza nthungululu. Palibe anaseka. Ndikanakhala wanzeru tikanathera pomwepo, koma tinali titakonza ndi sewero. Tadala anandithira madzi abuluu, ine ndinagubuduka mpaka kuseri kwa katani, n'kutulukanso manja ali m'mwamba.

"Ndabweranso!"

Zii. Tinabwereza. Ziinso, kupatula kamwana kena kamene kanayamba kulira. Ulendo wachitatu, ndili pansi, ndinamva chiseko kumbuyo kwa holo. Anali mayi Sakala, namwino wa ku Zambia amene amakhala ku Brampton ndipo saphonya maphwando athu. Anaimirira akupukuta misozi.

"Imwe ba Malawi, ine nakaziba aka! Ni kadoyo ka mu toilet!"

Kadoyo, kwa amene simunakhale ndi anzathu a ku Zambia, ndi kachilombo, jeremusi. Ndinadzuka n'kukonza bulangete.

"Pepani mayi, mwasokoneza ndi wina."

"Awe, sininasokoneze. Mano yatatu, majombo, manzi ya blue. Tinali kukaona pa TV ku Lusaka. Ni advert ya mankhwala osukira toilet!"

Pamenepa m'pamene ndinadzikumbira dzenje. Ine munthu amene kuntchito ndimawerenga kawiri pepala lililonse ndisanasaine, ndinatenga maikolofoni n'kunena pamaso pa anthu onse kuti, "Ngati muli ndi umboni, tionetseni."

Mayi Sakala dzina la mankhwalawo ankalikumbukira. Mphindi imodzi sinathe asanaipeze vidiyoyo pafoni, ndipo a wapampando, pofuna kuthetsa mkangano mwachilungamo, anailumikiza ku chinsalu chachikulu chimene timawerengerapo nyimbo.

Ndiyenera kunena zoona. Ndabweranso atangotulukira pachinsalupo, ndinaiwala zonse. Anali iyeyo, mano atatu, majombo, ana ake atamuzungulira. Ndinamva simenti yozizira ya kwa a Chikopa ndi mapazi anga onyowa, ndinaona anzanga amene ena anatisiya kalekale. Ndinakweza dzanja ngati ndikupereka moni kwa m'bale wanga pa depoti.

Kenaka kunamveka mawu. Kanali koyamba m'moyo wanga kumumva akuyankhula. Anali ndi kamawu kam'mphuno, ndipo ankadzitama m'Chingerezi kuti lero atsegula m'mimba ana onse a m'nyumbamo. Chithunzi chinabwerera m'mbuyo n'kuonetsa phanga lonse ndi kunja komwe. Chinali chimbudzi chamadzi. Mbali imeneyi tinkaionanso ku Ndirande, koma ife tinkadziwa chimbudzi cha dzenje basi, ndipo a Chikopa ankati chimenecho ndi chipata cha phanga. Kubweranso kasanu kuja kunali kutsatsa malonda kobwerezabwereza.

Holo inagwa ndi phwete. Bakha wina wamkulu, amene ndi mkulu wampingo, anachita kukhala pansi. Mayi a Tadala sanaseke. Anangondiyang'ana, kenaka n'kuloza khomo ndi mutu. Tadala anali ataika botolo pansi n'kutuluka.

Ndinamupeza m'khonde, atakhala pansi pa majekete opachikidwa, magolovesi atavula.

"Daddy, I said ngwazi. In Chichewa. In front of everybody."

"Unanena bwino kwambiri, mwanawe. Wolakwa ndine."

"You were on the germ's side?"

"Tonse. Ana a dera lonse."

"And a Chikopa? He didn't know?"

Funso limeneli linandiimitsa. Ndinakumbukira zimene bambo anga ananenapo, kuti ku Joni a Chikopa ankagwira ntchito yoyeretsa muhotela. Botolo lija ayenera kuti analigwira m'manja zaka zambiri.

"Ankadziwa," ndinatero.

"So he lied."

"Anali ndi tepi imodzi, Tadala, yopanda mawu, ndi ana odzaza chipinda. Katuni wina panalibe. Anatipatsa amene analipo."

Ine ndinayamba kufunafuna majekete athu, poganiza kuti titulukire khomo lakumbuyo, mayi ake atipeze kugalimoto. Ndinkadziwa kuti Chichewa chake chabwereranso m'kamwa, ndipo ulendo uno wochitsekera ndine. Nditatembenuka ndinapeza waimirira. Dzino langa limodzi la katoni linali litalendewera. Analikanikiza kuti limatirire, n'kuvalanso magolovesi.

"Adadi," anatero pang'onopang'ono, akusankha mawu ngati nyemba, "iye sathawa. Amabweranso."

Ndilibe chizolowezi chomvera ana, koma ndinapachikanso majekete. Ndinakankha chitseko cha holo ndi jombo, n'kukuwa ndi mawu onse amene ndinali nawo. Ulendo uno holo yonse inayankha, ndipo amene anakuwa kuposa onse anali mayi Sakala. Tadala anandithamangitsa ndi botolo pakati pa mipando mpaka madzi anatha. Mphoto ya ovala bwino inapita kwa banja la abakha. Ine ndinangopata dzina.

Kuyambira sabata imeneyo, ntchito yotsuka chimbudzi kunyumba inagwera ine. Loweruka lililonse mayi a Tadala amandipatsa magolovesi n'kunena kuti, "Mukawapatse moni abale anu. Ife a ku Ntcheu za kanema sitilowerera." Tadala naye akamachokera kusukulu sagogodanso. Amakankha chitseko n'kukuwa kuti wabweranso, ndipo masiku ena amawonjezera kuti ali ndi njala, m'Chichewa chomveka.

Phunziro limodzi ndinalitenga: osapempha umboni kwa munthu amene wagwira foni m'manja. Linalo, lakuti mayi wamagolovesi ndi amene anali wabwino, mutu unavomera koma mtima ukukanabe. Mankhwala abuluu ndimathira ndithu, burashi ndimapititsa m'makona monse. Koma ndisanatsegule madzi ndimayamba ndatseka chitseko, n'kuwerama pang'ono.

"Pitani bwino achimwene. Tionana Loweruka."