Tambala wa pa Sikisi Analira ku Swords

Sekani ndithu, mano ndi anu. Inu ana a sukulu mwabwera dzulodzuloli, mukuona manja anga osuwukawa n'kumanong'onezana pa tiyi wa pambuyo pa Misa ngati ndine gonthi. Amene akuti ndine wabodza aimirire! Bambo Mfumu ali apowo, ndilumbira pamaso pawo. Manja awa anagwira tambala wachitsulo ali moyo, ku Dublin konkuno.

Zinayamba chonchi. Makina ochapira kwathu ku Swords anafa, mayi a Tadala n'kundipatsa khadi yakubanki kuti ndiitanitse ena pa intaneti. Nthawi ya lanchi ku eyapoti, kumene ndasenza masutikesi zaka twenty, nditsegule foni, m'malo mwa makina ndinangoona sikisi! Sikisi, ndalama yathu yakale ija ya tambala, imene bambo anga ankamanga pa mfundo ya mpango, ili pa okushoni, yotsekeredwa m'kabokosi ka pulasitiki, pamwamba atalemba malikisi ake, sixty-five. Mnzanga O'Dowd wa ku Lucan, wotolera ndalama zakale, anali atandiuzapo kuti kuli akatswiri oyang'ana ndalama ndi galasi, kuipatsa malikisi ngati mwana wasukulu, n'kuimatira m'kabokosi, ndipo mtengo wonse umakhala pa kumata kumeneko. Ine zimenezo sindinazikumbuke. Ndinaona bambo anga, ndipo ndinalira, sindibisa.

Ndiye kulimbirana kwake, abale! Ndinaika mtengo, wa ku America n'kukweza, ine n'kukweza, wa ku Japan n'kulowerera, ine chala pa foni, chala pa foni, mpaka foni inatentha moti anzanga anawiritsirapo tiyi wa shifiti yonse, nthunzi n'kukwera, ndege zitatu n'kumazungulira m'mwamba poyesa chifunga, wa ku Japan n'kukomoka, wa ku America n'kunditumizira uthenga woti pepani achimwene, m'Chichewa chenicheni, chifukwa mantha amaphunzitsa chilankhulo. Mukumva? Ndinapambana. Ndalama za makina zonse psiti.

Kaphukusi katafika, mayi a Tadala anakayang'ana, n'kuyang'ana mulu wa zovala.

"Bambo a Tadala, makina ake ndi amenewa?"

Ndinafotokoza kuti ichi ndi chuma, mawa chikwera mtengo. Iwo anangowerenga kapepala ka wogulitsa, kamene kankati katundu akhoza kubwezedwa bola kabokosi kasatsegulidwe.

"Lolemba mubweze. Apo ayi, makina ndinu."

Ndinavomera, ndine munthu wa mtendere. Koma inu, ine ndinakulira pa golosale ya amalume ku Limbe, kumene ndalama siinkalandiridwa isanalire. Unkaiponya pa simenti: ikati ngwee ndi yeniyeni, ikati phwa ndi chitini. Ndiye mzungu amene sanadyepo chitumbuwa cha sikisi andiuze ine ndi kagalasi kake kuti iyi ndi yeniyeni, osaimva kulira? Ndibweze chinthu ndisanadziwe ngati anandipusitsa? Ayi, amalume akanadzuka kumanda.

Loweruka mayi atapita kukwaya ku Crumlin, ndinakagwira kabokosi kaja. Mpeni unapindika, hamala inathyoka mpini, ndinakapondetsa galimoto tayala n'kuphulika, kabokosi kali phee, mpaka ndinati basi, mano anga anasenda mzimbe wa ku Nchalo, sangalephere pulasitiki, ndinaluma kamodzi, khwa! Dzino ili apa lasowali, mukuliona? Ndinaiponya sikisi pa matailosi a kukhitchini. Ngweeee! Mawindo a mzere wonse ananjenjemera, agalu a Swords yense anauwa, mabelu a tchalitchi ku Lucan anayankha okha, mtsinje wa Liffey unaima kaye kuti umvetsere, ndipo tambala uja, amene anagona zaka zonsezo m'pulasitiki, anayesa kwacha, anatambasula mapiko, kokoliliko, n'kudumphira pawindo ndi sikisi yakeyo! Ndinamuthamangitsa m'mipanda ya anthu, m'matope, pansi pa basi, iye kujompha ine kugwira, mpaka ndinamupanikiza ndi manja awiriwa pa bwalo la mpira, anyamata n'kusiya masewero kundiombera m'manja. Inu mukukayika kumbuyoko, munagwirapo tambala inu?

Pobwerera sikisi inali bii, matope kuphatikiza kuda kwake kwakale. Mwana woleredwa bwino sasunga chinthu chakuda m'nyumba. Ndinatenga sitiliwulo ndi ndimu, ndinaikwecha monga mayi anga ankakwechera mapoto, inawala moti dzuwa linachita manyazi n'kutuluka ku Dublin masiku atatu otsatizana, aneba n'kuyanika zovala panja akundithokoza.

Lamulungu ndinapita nayo kwa O'Dowd kuti aone ntchito ya manja anga. Munthu wamkulu anakhala pansi, anagwira mutu. Akuti kuda kuja ndiko akatswiri anapatsa sixty-five, kabokosi ndiko kanali umboni, ndipo tsopano mtengo wa sikisi yanga ndi sikisi. Ine ndinamumvera chisoni, sadziwa ukhondo.

Ndiye manjawa ndi zipsera za tambala. Mwati chiyani, mayi a Tadala? Ndimayesa muli kotsuka makapu. Chabwino, chabwino, sopo nayenso anathandizako. Loweruka lililonse ndimagwada m'bafa, mabulangete, majini a Tadala, mayunifolomu a kwaya yonse, chifukwa amayi anzawo anamva kuti ku Swords kuli makina osadya magetsi.

Koma sikisi ndi iyi, m'thumba muno, pa mfundo ya mpango ngati ya bambo anga. Tamverani. Ngwee! Yeniyeni, ndinanena ine. Tsopano ndipatseni jekete langa, ndinasiya makatani atanyikidwa.