Fulati ya Makomo Awiri

Lolemba

Ndaganiza. Mwezi uno ukatha tikusamuka. Ndalemba apa kuti ndisabwerere m'mbuyo, chifukwa chaka chathanso ndinaganiza koma sindinalembe.

Chitsekereni fakitale ya nsalu tikukhala kwa apongozi, amayi ake a mkazi wanga, kuno ku Dambwa North. Ndi munthu wabwino. Vuto ndi nyumba: khomo ndi limodzi. Kwathu ku Katete mkamwini sayang'anana maso ndi apongozi, sadya iwo akuona, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kumudzi tchire lilipo. Kuno kuli kabati. Ndiye ndikafika pakhomo ndimatsokomola, iwo amathawira kuseri kwa kabati yawo yaikulu ija, ine n'kudutsa nditayang'ana pansi. Potuluka chimodzimodzi. Kupita kuchimbudzi, kutsokomola. Kubwerako, kutsokomola. Tsiku lomwe ndinatsegula m'mimba apongozi anangotenga mpando n'kukhala kuseri komweko mpaka madzulo.

Zonsezi ndikanapirira. Koma Dalitso, mwana wanga, wayamba kuyankhula. Amayi ake akuti "mama". Agogo ake akuti "gogo". Ine akandiona akutsokomola. Akuyesa ndilo dzina langa.

Mweemba, mnzanga amene amanyamula mabwato a mphira a azungu kukwera nawo phompho la Zambezi, wapeza malo ku Nottie Broadie. Iye akuti fulati. Ndi kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba yaikulu. Zipinda ziwiri, babu, mpopi pabwalo, ndi makomo awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo. Awiri! 30 pini pamwezi, ndiye kuti 30 sauzande kwacha, kugawana pakati.

Bajeti yanga, kuchokera pa zomwe ba Mubita amandilipira popaka polishi wa nsapato mvuu zawo zamtengo pamsika wa ziboliboli:

Renti, 15 pini.
Ufa, makala, sopo wa matewera.
Ndiwo: kapenta Lamlungu, masiku ena kukumbukira kapenta wa Lamlungu.
Basi: miyendo.
Zoti ndisiye: fodya sindisuta, mowa sindimwa. Apa ndi pomwe munthu wabwino amaluza.

Utsi wa mathithi, nkhungu ya madzi a Zambezi ija, lero ukuoneka bwinobwino ngakhale uli m'tauni. Madzi akukwera. Ndikuona ngati chizindikiro chabwino.

Lachiwiri

Tapita kukaona fulati, ine ndi Mweemba. Ndasamba m'manja ndi mchenga koma polishi sachoka.

Eni nyumba ndi mayi wamkulu, nesi wopuma ntchito. Zimenezi Mweemba sanandiuze. Pageti ndatsokomola. Pakhonde ndatsokomola. Pakhomo la fulati, pakhomo la pakati, ngakhale pa kachimbudzi kopanda munthu. Sindikuchita kufuna. Khosi likangoona chitseko likudziyambira lokha.

Ba landiledi andiyang'ana kuyambira kumutu, aima pamanja akudawa, afika pa lamba amene ndinaboola bowo lina ndi msomali.

"Ichi chifuwa chinayamba liti?"

Ndati si chifuwa, ndi ulemu.

"Bonse bamakamba so."

Akuti tibwere Loweruka ndi ndalama ya mwezi woyamba, ndipo ine ndikakhale pakhonde pawo kanthawi, amve okha ngati ndi ulemu. Ali ndi zidzukulu pakhomopo.

Panjira Mweemba akuti, "Iwe boi, uzatitayisa fulati na ulemu wako."

Koma malowo ndawaona. Ndayeza makoma ndi chingwe cha matewera, bedi lathu likwana m'chipinda chakumbuyo, Mweemba atenga chakutsogolo. Pomwe iwo amakambirana za malaiti ine ndatulukira khomo lakumbuyo, kuzungulira, kulowera lakutsogolo. Kenako ndabwereza. Munthu wamkulu, wa mwana.

Amake Dalitso ndawauza monong'ona, kuti apongozi asamve mpaka zitatheka. Afunsa chinthu chimodzi chokha: "Ine ndikapita kumsika ndi tomato, mwana azitsala ndi ndani?" Mu bajeti mulibe. Ndati tiona.

Lachitatu

Lero ndi tsiku lophunzira kusatsokomola. Ndaika kamwala pansi pa lilime.

Khomo la golosale: zii.
Khomo la ba Mubita: zii.
Khomo la chimbudzi cha pamsika: zii, ngakhale apa ndiye pamafunika.

Pofika madzulo ndikudziona ngati munthu wochira. Ndikubwerera kunyumba mutu uli pa ufa, umene wakweranso mtengo chikhalireni ndinaulemba Lolemba lomweli. Ndikuchotsera, ndikuwonjezera, ndikukankha chitseko, ndalowa.

Osatsokomola.

Apongozi ali pakati pa chipinda, chimanga chowotcha kukamwa. Maso ndi maso. Chikwatireni nkhope yawo sindinaionepo pafupi chonchi. Ali ndi kachipsera pachibwano. Ndipo mphuno ya Dalitso ndi yawo ndithu, pomwe ine ndakhala ndikuuza anthu kuti ndi ya atate anga.

Iwo athawira kuseri kwa kabati. Inenso, mutu utasokonezeka, ndathawira kuseri kwa kabati. Malowo ndi a munthu mmodzi.

Kamwala kaja ndameza.

Apongozi sayankhula nane, amatumiza mawu kudzera kwa mwana, ngakhale mwanayo ali mtulo. Madzulo ano ndamva kuchokera kuchipinda: "Dalitso, uwafunse atate ako ngati ulemu unatha pamodzi ndi makuponi a ufa aboma aja."

Ndati, "Dalitso, uwauze agogo kuti ndalakwa."

Dalitso wayang'ana uku, wayang'ana uku, watsokomola.

Lachinayi

Kulakwa kotere sikutha ndi pakamwa. Nkhuku. Ndagula yamoyo, amake Dalitso akapereka, ine nditaima panja ngati mtengo wa malaiti. Yadya ndalama yomwe ndinasungira mbaula ya kufulati. Tiziphikira pa chiyani sindikudziwa, mwina pa babu.

Apongozi alandira. Aphika. Anditumizira ntchafu, ndadyera kuseri kwa nyumba pafupi ndi dramu la madzi. Yokoma. Mbaula yanga sindinkadziwa kuti ingakome chonchi.

Kuntchito ndapempha ba Mubita andibwerekeko pang'ono pa malipiro. Akuti ndalama alibe, koma nditenge mvuu ziwiri ndigulitse ndekha. Ndaima nazo padzuwa masana onse. Mzungu wina wa chikwama chachikulu kumsana wazikonda kwambiri. Waziyamikira, wazijambula, wati ndalama zamuthera koma tingasinthane. Zomwe ndapeza:

Masokosi, ofunda, a dziko la chisanu.
Bolopeni.
Chipewa cholembedwa mawu amene ngakhale ba Mubita alephera kuwerenga.

Sindikukhulupirira kuti ba landiledi amalandira masokosi.

Vuto lina: tsopano kunyumba ndiyenera kutsokomola, m'tauni ndisatsokomole. Ndikafika pakhomo lililonse ndikuyamba ndaima, kuganiza kuti ndili kuti. Mlonda wa pa banki wandifunsa chomwe ndikufuna.

Utsi wa mathithi wakula kuposa Lolemba. Anthu akubwerako atanyowa mpaka kabudula. Kukongola kwake.

Lachisanu

Mweemba wabwera pamsika atanyamula chikwama ndi bulangeti. Ndayesa wayamba kale kusamuka, ndamuuza kuti adikire mawa.

"Boi, manzi yakwela. Mabwato bayimika mpaka yakachepe. Kulibe nchito, kulibe ndalama. Si ine, ni Zambezi."

Akupita kumudzi kwawo kupitirira Kalomo, kukathandiza kukolola. Gawo lake la renti wandisiyira: masikipa atatu, timalaya ta kampani ya mabwato, ndi dola imodzi yong'ambika pakati, yomata ndi selotepi. Wandigwira paphewa, wati fulati ndimusungire.

Madzi amakwera miyezi yomweyi chaka chilichonse. Ana a sukulu amadziwa. Agalu a ku Dambwa amadziwa. Ine ndalemba ufa, makala, sopo, ndaiwala mtsinje. Sabata yonse ndakhala ndikuyang'ana utsi uja n'kumamwetulira, osadziwa kuti ndi renti ya Mweemba ikukwera kumwamba.

Amene angalowe m'malo mwake:

Msuweni wanga Yohane. Ana asanu, ndi mlamu.
Mnyamata wa kukwaya. Akuphunzira lipenga.
Ba Mubita akuti angasungiremo mvuu, koma azilipira ndi mvuu.

Palibe.

Amake Dalitso ndawauza. Sanadandaule, angoti, "Oo." Kenako apita kuchipinda cha amayi awo n'kutseka chitseko. Mkazi akati "oo" mwachidule chonchi ine mtima sukhala pansi.

Ndipo pakhosi payamba kukanda. Fumbi la mtengo wa mukwa, polishi, kamwala kaja, sindikudziwa. Ndikutsokomola popanda chitseko pafupi. Ichi ndiye chifuwa chenicheni, chafika pa nthawi yake.

Loweruka

Ndadzuka kunyumba kulibe munthu. Ndavala malaya a kutchalitchi kuti ndikauze ba landiledi kuti zakanika, ndikanike mooneka bwino. 15 pini yanga ili mu sokosi la mzungu.

Pageti ndayesetsa kugwira khosi. Lakana. Ndatsokomola mpaka misozi. Pomwepo pakhonde pamveka phokoso la mpando, munthu wathamangira kuseri kwa chitseko. Pansi pa chitsekocho pakuoneka mapazi.

Mapazi amenewo ndimawadziwa kuposa nkhope ya munthu aliyense padziko. Ndakhala ndikuwayang'ana chikwatireni.

Ba landiledi akuseka mpaka kugwira m'nthiti. Amake Dalitso ali pampando, mwana pamiyendo, akumwa tiyi m'kapu ya mbale yake.

"Atate ake Dalitso, wolipira theka lija ndamupeza," atero mkazi wanga.

Nkhani yake ndi iyi. Apongozi anamva zonse kuyambira Lachiwiri, kuseri kwa kabati kumamveka bwino. Nyumba ya ku Dambwa aikamo banja la kalaliki wa kuboda, lizilipira renti. Iwo atenga chipinda cha Mweemba. Mwana azitsala ndi agogo ake. Za chifuwa changa apongozi afotokoza okha, ndipo ba landiledi akuti mkamwini wotere sanamuonepo, akufuna azidzandionetsa kwa amuna a ana awo.

Kuseri kwa chitseko kwatuluka mawu: "Dalitso, uwauze atate ako kuti nanenso ndatopa kubisala m'nyumba yanga yomwe. Mawondo si a kale. Kuno ndamva kuti kuli makomo awiri."

Ndinayenera kuti chiyani? Ndati, "Dalitso, uwathokoze agogo."

Ndavula nsapato, ndatulutsa 15 pini, ndalipira. Ba landiledi andipatsa mankhwala owawa a chifuwa chenichenichi, kumwa iwo akuona.

Pobwerera ndikudzilimbitsa mtima. Ndinkafuna kuchoka kwa apongozi, ndipo ndachokadi, kungoti iwonso achoka. Koma makomo ndi awiri. Iwo lakutsogolo, ine lakumbuyo. Tingathe chaka osakumana. Dalitso aphunzira kuti "tata".

Lamlungu

Titaweruka kutchalitchi ndatenga chingwe cha matewera. Ndayeza kabati kuno, ndamanga mfundo, ndayenda mpaka ku Nottie Broadie.

M'chipinda cha apongozi siikwana. Khoma lina lili ndi windo, lina khomo lakutsogolo, lina khomo la pakati, lotsalalo ndi la bedi lawo. Ndayeza chopingasa. Ndayeza ndikukoka chingwe kuti chitalike, kenako ndakumbukira kuti chikatalika chingwe khoma silitalika.

Khoma lokhalo lomwe kabati ikukwana lili m'chipinda chathu. Ndi lomwe lili ndi khomo lakumbuyo. Ikulitseka lonse bwinobwino, ngati mmisiri anachita kuyeza.

Ndabwerera, ndatsokomola, ndalowa. Ndati, "Dalitso, uwafunse agogo ngati kabati singatsale kwa akalaliki."

Yankho silinachedwe. "Dalitso, uwauze atate ako kuti kabati iyi anagula ndi malemu agogo ako aamuna pa malipiro awo oyamba a kunjanji. Komwe ndigone ine, nayo igona komweko."

Ndiye zili chonchi. Kutuluka tizidzera m'chipinda cha apongozi. Kabati izikhala kwathu, kutanthauza kuti iwo alibenso pobisala. Amake Dalitso akuti tigule nsalu tipachike katani.

Bajeti yatsopano:

Renti, 15 pini. Kuno sindinkalipira kanthu.
Makomo: limodzi.
Apongozi: omwewo.
Katani.
Masiwiti a pakhosi.
Ngolo yonyamula kabati. Wokankha ndine.

Babu lilipo, mpopi ulipo. Mweemba akadzabwera madzi atachepa adzapeza fulati ndamusungira, muli munthu.

Pomwe ndikulemba izi Dalitso wakwawa, wagwira bondo langa, waimirira yekha koyamba. Wandiyang'ana m'maso ndi mphuno ya agogo ake ija, watsokomola kawiri.

Ndavomera. Ndi ine amene akundiitana.