A Eneya, Munthu Wosachotseka Ntchito

Ku Nazombe aliyense akudziwa kuti malemu a Eneya anali munthu wosachotseka ntchito. Ena amatchuka ndi ulimi, ena ndi mowa, koma iwo anatchuka ndi kukakamira pachigayo cha a Howard ngati nkhupakupa pakhutu la galu.

Ntchito yawo inali yothira chimanga m'chigayo, ngakhale luso lawo lenileni linali tulo. Tsiku lomwe anasakaniza mgaiwa wa mayi wina ndi ufa wa makaka wa mnzake, amayiwo n'kutsala pang'ono kung'ambirana zitenje, a Howard anawauza kuti basi, ntchito yatha. M'mawa mwake anawapeza atakhala pathumba lawo la masiku onse, chipewa chili kumaso.

"Kodi sindinakuchotseni dzulo?"

"Munandikalipira, bwana. Kuchotsa munthu ndi nkhani ina. Mbali yanga munaimva?"

Malamulowa anawatola pabenchi ya kukhoti ku boma, komwe ankakaonerera milandu ya eni ake ngati mpira. A Howard anati chabwino, nenani mbali yanuyo. A Eneya anati mboni yawo yapita ku Mozambique. Mboniyo itabwera, iwo anadwala dzino. Dzino litapola, anati wodandaula sangakhalenso woweruza. A Howard anawaitanira mkulu wa mpingo, iwo n'kumukana poti mkazi wake amagayitsa pomwepo.

A Howard anasiya kuwalipira, analemba Goodman m'malo mwawo, n'kubisa ndi thumba lomwe lija. A Eneya anabwera ndi mpando wawo. Ankalongosola mzere wa amayi, kudzudzula ufa wokhakhala, ndipo tsiku lina Goodman atachedwa a Eneyawo anamuchotsa ntchito pomwepo. Mbali yake sanaimve.

A Howard zinkawawawa zedi. Ankangofuna anthu avomereze kuti pachigayo chawo mawu omaliza ndi awo. Aliyense wofunsa ankamulumbirira kuti mkuluyo si wantchito wawo, ndi mlendo chabe wosadziwa kutsanzika.

Zaka zinapita choncho mpaka chifuwa chinawatenga a Eneya chaka chatha, nthawi yokolola. Pamaliro, atayankhula akubanja ndi akumpingo, woyendetsa mwambo anaitana oimira kuntchito kwa malemu. Anthu onse anatembenukira kwa a Howard, amayi ena akubisa pakamwa ndi chitenje. A Howard anayang'ana pansi, anayang'ana bokosi, kenako anaimirira.

"Malemuwa," anatero, "anali wantchito wathu."

Mayi wina kumbuyo ananong'oneza mnzake kuti mlandu uja wathera pamenepa, ndipo wapambana ndi womwalira.

Chigayo chikulirabe, ufa susakanikiranso, mzere ukuyenda msanga. Koma pamalopo sipakomanso, ndipo a Howard amavomera okha kuti akusowa wokangana naye. Akafika m'mawa amayamba ayang'ana pakona paja. Mpando uja ulipobe. Goodman atafuna kuutulutsa anamuletsa, akuti sungachotsedwe mwini wake asananene mbali yake.