Konsalitanti wa ku Zemba ndi Maliro a Mlamu Wake

Inu mukupinda milomo kumbuyoko pindani ndithu, koma mukafike ku Zemba mukafunse ngakhale mbuzi kuti konsalitanti woyamba kuvala chitenje m'Chadiza muno ndani, idzakuuzani kuti ndi ine Nabanda, wa giredi sikisi yemweyu. Ndikanama mphezi indipeze m'chilimwe.

Zinayamba chaka chimene bungwe lina linatitumizira mayi wa ku Lusaka, konsalitanti wa nsapato zosongoka, kuti adzakonze kopaletivi yathu ya mtedza. Ntchito yake akuti inali kuyanjanitsa anthu osiyana, aliyense azikhala ndi mawu pamsonkhano. Kwathu kusiyanako sikunkabisika: a kutchalitchi pansi pa mango, a gule pansi pa mkuyu, ife amayi kumbuyo padothi ngati maungu. Mayiyo anamata mapepala pakhoma, kutigwiranitsa manja masiku atatu, koma zimene zinagwirizana ndi ntchentche zokha pa mabanzi. Lachinayi lake ndinamupeza akulira kuseri kwa galimoto. Ndinati, "Pukutani misozi amayi, anthu awa pepala salimva. Amamva miseche."

Mukumva? Miseche! Ine amene ndinkadziwa mimba ya aliyense isanaoneke, ndiponso njinga ya amuna a yani imatsamira khoma la yani, ndinangolitembenuza lilime lomwelo. Kwa akulu a mpingo ndinakati a gule akuyamikira mtedza wanu. Kwa a gule ndinakati a kutchalitchi akuti pokumba manda palibe ofanana nanu. Lonselo bodza. Koma sabata isanathe anthu amene agogo awo sanapalanepo moto anakhala benchi limodzi mpaka benchilo linaphuka masamba, amayi tinalankhula mpaka amuna anayamba kukweza dzanja popempha mpata, ndipo a Tembo, bambo wina wosaona, anawaika kuti aziyeza mtedza pa sikelo, sikeloyo mpaka lero siinanamepo chifukwa imawachitira manyazi.

Mayi wa ku Lusaka anabwerera kwawo ndi mbiri, ntchito inatsalira ine. Anthu a midzi ina ankanditenga pa ngolo, pa njinga, minibasi ya ku Mlolo inkandidikira ngakhale nditayamba kumene kusamba, ndipo mawu ndikawalankhula ku Zemba ankafika ku Mlolo ndisanatseke pakamwa, n'kubwereranso kudzandipatsa moni, moti ndinayanjanitsa akazi anayi a pamitala mpaka anagwirizana kuthamangitsa mwamunayo, ndinakhazika pansi chiswe ndi nkhokwe n'kumvana malire, mbuzi zinalonjeza pamaso panga kusiya chimanga chaching'ono, ngakhale khasu ndi msana anapepesana. Ndani wa ku Lusaka anachitapo zimenezo?

Koma za Esinati musandifunse. Chabwino, ndinena ndekha, poti mukanazimvabe kwa ena.

Esinati anali mng'ono wanga, bere limodzi, amene ndinamubereka kumsana ndisanamere mano onse. Anakwatiwa ku Zingalume ndi a Chikoti, munthu wa gule. Mlamu wangayo atamwalira ndinamva kuti pamaliro padzatuluka zilombo, ndipo ine ndinali nditangovekedwa kumene yunifolomu ya amayi a chigwirizano. Ndinaopa kuti a mpingo akandiona kumeneko andivula bulawuzi yoyera ija. Sindinapite. Ndinatumiza nkhuku, ufa ndi mawu okoma. Nkhukuyo inabwerera yokha, ufa uli pamutu, n'kundidutsa pakhomo osandiyang'ana.

Ndinati palibe kanthu, mankhwala ake ndili nawo. Ndinatuma amayi ogulitsa tomato kuti akamuuze Esinati kuti akulu anu akuti m'dziko muno mulibe mkazi wolimba mtima ngati inu. Yankho linabwera tsiku lomwelo: "Lilime la akulu anga ndikulidziwa, ndinakula nalo. Maliro sakhuza ndi lilime. Abwere ndi mapazi."

Ndinati mawa. Mawalo kunali wekishopu. Mawa linalo kunali mitala ina yoti ndiyanjanitse. Kunena zoona ndinkaopa maso ake, chifukwa ndi munthu yekhayo amene sindikanamunamiza. Zaka zinayi, abale. Nditamva kuti wadwala ndinadikirabe Lamulungu lidutse, ndipo Lolemba m'mawa ndinanyamuka wapansi, ndikuloweza m'njira mawu oti ndikanene. Ndisanalowe m'mudzi ndinamva amayi akulira.

Pamaliro a Esinati, a kutchalitchi ndi a gule anakhala mphasa imodzi, kukumba manda limodzi, kuphika limodzi, ndendende momwe ndinawaphunzitsira. Ena ankabwera kudzandigwira dzanja amvekere, "Anabanda, onani ntchito yanu." Ndinaiona.

Ndiye inu a kumbuyo, benchi lija lichotseni ngati mukufuna, chiswe chichotseni, nkhuku ijanso nenani kuti anaibweza m'dengu. Koma ichi chokha musachikhudze: kuchoka ku Zemba kukafika ku Zingalume ndi ulendo wa mmawa umodzi. Ine konsalitanti unanditengera zaka zinayi, ndipo ndinachedwa ndi tsiku limodzi.