Matumba Khumi Okagona kwa Alamu

Inu, tamverani za mkulu uja timamutcha Kachenjede. Munthu ameneyu akangomva kuti kukubwera olemba mayina, makutu amaima ngati a bulu. Ndiye atamva kuti kukuyenda mtsikana wa kafukufuku, wofunsa khomo ndi khomo kuti anthu akudya kangati patsiku, anaganiza yekhayekha kuti olembedwa za njala ndiwo adzalandire mbewu ndi feteleza. Koma tsoka lake, chaka chimenecho Kachenjede anakolola! Matumba khumi a chimanga, onenepa ngati nkhumba.

M'mawa mwake wilibala inalira kwii kwii maulendo khumi, matumba onse kukagona kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake.

"Alamu, tangondisungirani masiku awiri okha."

"Alamu, pakhomo panga ndi panu," anatero mlamuyo, akusisita thumba ngati khanda.

Kachenjede pobwerera anatsekera nkhuku zonse kunsi kwa bedi, navala malaya amene mkazi wake amakolopera. Mimba ija, ija mukuidziwayo, anaikokera m'kati mpaka maso kutuzuka.

Mtsikana uja anafika ndi foni yake yaikulu ngati mbale.

"Bambo, dzulo mwadya kangati?"

"Dzulo?" Mawu atachepa ngati a udzudzu. "Mwanawe, funsa za sabata yatha."

"Nanga nyama munadya liti?"

Kachenjede anacheukira mkazi wake. "Mayi, nyama paja ndi chiyani?"

Pomwepo tambala kuchipinda: kokoliliko!

"Ameneyo ndi wa aneba," anatero msangamsanga. "Amabwera kudzatiseka."

Mkazi wake anathawira kuseri, chitenje chili kukamwa, mapewa akugwedezeka.

"Mwaona? Akukalira. Nkhani za chakudya zimawakumbutsa zakale."

Mtsikana anasuzumira mosungira zokolola, anapeza tsache lokha. Inu, mwana wa eni misozi inalengeza! "Bambo, makomo onse ndayendawa, lanu ndiye lomvetsa chisoni."

Mumtima mwa Kachenjede ng'oma zinalira. Paja akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Ndiye mbewu ija ifika liti, mwanawe?"

"Ife sitigawa, bambo, timangoyeza. Ndizibwera mwezi uliwonse mpaka mudzakololenso, kudzaona mmene mukudyera. Akuluakulu adzasankha pamapeto. Koma wopezeka kuti ananama, dzina lake timafufuta."

Mimba ija inamasuka yokha, phwa!

Madzulo Kachenjede anathamanga ndi wilibala kwa mlamu wake. Anamupeza ali mu jekete, atakhala pamwamba pa matumba ngati mkwati.

"Alamu, mwachedwa! Mtsikana uja anafikanso kuno, wandijambula. Akuti ndine mlimi wachitsanzo. Matumba khumi ndi awiri!"

"Anu ndi awiri okha!"

"Ndiye ndikanati chiyani, alamu? Kuti enawa ndi anu? Ndinakutetezani."

"Chabwino, nditenge."

"Tengani. Akabwera mwezi wamawa, akawapeza kwanu, mudzati agwa ndi mvula?"

Kachenjede anakhala pa wilibala, mutu uli m'manja. "Basi akhale konkuno. Koma osawakhudza, alamu, ngakhale njere imodzi!"

"Aaa, alamu, inunso! Mtsikana uja akufuna kuona mmene tikudyera. Matumba akapanda kutsika, aziti ine wabodza. Mukufuna mchimwene wa akazi anu atchedwe wabodza?"

Pano ndikunena pano, mwezi wachinayi uno. Mlamu uja masaya ali phuliphuli, jekete sakumanganso mabatani. Anthu akuchokera kutali kudzamufunsa nzeru za ulimi, munthu woti khasu lake linachita dzimbiri. Kachenjede wabowola lamba katatu, nkhuku zija anadya zonse mobisa, nthenga n'kukwirira ngati maliro. Mkazi wake nkhomaliro amakadyera kwa achimwene ake, ati kukawaona.

Dzulo wabwerako ndi kabeseni ka ufa pamutu, n'kukatula pamapazi pa mwamuna wake.

"Alamu anu akupereka moni. Akuti mukasowa musamachite manyazi kupempha, iwo sakonda kuona m'bale akuvutika."

Kachenjede anauyang'ana ufa uja, ananunkhiza, anauzindikira.

"Ndiye ndikawauze chiyani?" anafunsa mkazi wake.

"Mukawauze kuti zikomo," anatero Kachenjede. "Mulungu awadalitse ndi dzanja lawo lopatsali."