Chipsera Chomwe Sindikanatha Kuonetsa

Pa Ngabu pali anthu amene mpaka lero amati ulendo wanga wa ku Joni unali wokadya maapozi basi. Sindiwatsutsa, chifukwa umboni wanga uli pamalo povuta.

Mumtima mwangamu muli kamakina kothandiza kuti uzigunda bwino, kakang'ono ngati kambewu ka bwemba, kopanda mawaya. Anandiika zaka zapitazo nditakomoka ku Joni, komwe ndinakacheza kwa mwana wanga Malita. Za tsikulo sindikumbukira kanthu. Nditatsitsimuka ndinaona pulasitala m'mphechepeche, ndinangoti mwina ndi za mapaipi a mkodzo. Malita sanandifotokozere (ndi mwana wamkazi uti angakambe za malo amenewo ndi bambo ake?), inenso sindinafunse.

Chimwalirireni mayi a kunyumba ndimakhala ndekha. Masana ndimakhala pansi pa mtengo wa nimu kuthawa kutentha, kuonerera akabaza akudutsa. Amene ankandiyankhula kawirikawiri inali mbuzi yanga yaikazi, yomwe inkabwera kudzanunkhiza mbale ndikamadya.

Ndiye Malita anaimba foni.

"Bambo, adokotala akuti batire la kamakina kaja layamba kufooka. Mubwere adzakachotse, aike kena. Ndi opaleshoni, koma musaope."

Ine kumva kuti opaleshoni yochotsa chinthu mumtima, ndinaona chifuwa changa chitatsegulidwa ngati nsomba yoti ayanike. Ndinapita kwa anzanga a Alufandika, omwe tinkadula nawo nzimbe kale, kukawauza.

"Akang'amba apa mpaka apa," ndinatero, chala chikuchoka pakhosi kufika pamchombo.

"Nanga mtimawo?" anafunsa motero.

"Akautulutsa, auike pambale."

(Izi sanandiuze munthu. Zinangobwera zokha pakamwa, ndipo ndinazikhulupirira.)

Nkhani inayenda. M'mawa mwake amayi a kumpingo anafika kudzapemphera. Anabwera achibale a malemu akazi anga ochokera ku Nsanje, omwe ndinawaona komaliza pamaliro, akuyankhula Chisena chachifundo. Pakhomo panga, pomwe tsache linali litaiwala njira, panasesedwa mpaka kuseri. Kunena zoona, mantha ndinali nawo, koma chakudya chinkakoma. Munthu wondifunsa kuti mwadzuka bwanji ndinali nditamusowa.

Poona khamulo ndinati alendo asabwerere ndi njala. Mbuzi ija inaphedwa. Njinga ndinapatsa mphwanga, jekete la ukwati ndinapatsa a Alufandika. Ndinameta ngakhale tsitsi la pachifuwa ndi lumo latsopano, kuti madokotala asavutike.

Kuchipatala ku Joni, namwino wina wachinyamata anabwera ndi mnzake womasulira, Mmalawi wogwira ntchito komweko. Ndinavula malaya mwaulemu, n'kuonetsa ntchito yomwe ndinagwira. Namwino anayang'ana chifuwa chosalalacho, kenako anayankhula.

"Akuti mwameta bwino, bambo," anatero womasulira, maso ali pansi, "koma mwameta kolakwika. Muvule buluku."

"Mwana wanga, vuto langa ndi mtima."

"Eya. Koma amadzera mumtsempha wa m'mphechepeche. Amalowetsa kapaipi kopita mpaka kumtima, n'kukakola kamakinako, n'kukakoka. Poika paja anadzeranso momwemo."

Ndinayang'ana kudenga nthawi yonse imene namwinoyo ankamaliza kumeta kumene ine sindinafikeko. Ntchito yeniyeniyo sindinaimve kupweteka kwenikweni. Kakale kanatuluka, katsopano kanalowa, ndipo posakhalitsa ndinali kuyenda pang'onopang'ono m'khonde la chipatala.

Nditabwerera, ndinapeza anthu akundidikira pansi pa nimu paja, amuna pamipando, amayi pamphasa. Titapatsana moni, a Alufandika (atavala jekete langa, dzuwa la Ngabu likuswa mtengo) anayamba.

"Pyadidi, zili bwino, mwabwera wamoyo. Tsopano tione pomwe anasoka."

"Sipooneka bwino," ndinatero.

"Ife ndi akuluakulu, sitingaope. Vulani malaya."

Ndinavula. Anthu anasendera. Panalibe ngakhale pokanda minga, tsitsi lokha likumera ngati udzu wa mvula yoyamba.

"Nanga anadzera pati?" anafunsa mlamu wanga wamkazi wa ku Nsanje.

Ndinayang'ana amayi a kumpingo, ndinayang'ana mlamu wanga. Ndinangoti, "Nzeru za masiku ano n'zambiri."

Palibe anaseka. Anangoyamba kukumbukira mmodzimmodzi kuti asiya thonje padzuwa, ena kuti minibasi ya ku Nsanje iwasiya. Onse atapita ndinanong'oneza a Alufandika zoona zake. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati nkhani yotere sangaifotokozere akazi a eni ake, ndiye dzina langa la wokadya maapozi likhala choncho. Jekete sanabweze.

Pano pakhomo pabwereranso zii. Njinga ndimaiona ikudutsa itanyamula makasitomala, mphwanga n'kundiimikira dzanja osaima. Ndikamadya palibe chobwera kudzanunkhiza mbale.

Malita akuti ndaphunzirapo kufunsa dokotala ndisanatsanzike anthu. Ndinavomera. Koma adokotala ananena kuti katsopanoka nakonso kadzafooka tsiku lina, ndipo ndikudzidziwa ndekha. Ikadzafika foni imeneyo, ndidzapitanso kwa a Alufandika, chala pakhosi, n'kuona ngati pangadzabwere munthu wondisesera pakhomo.